Wotaipa Masamu Wosadziwa Masamu

Ana anga, mwakhala mukundifunsa, ena pamaso panga, ena kudzera mwa amayi anu, chifukwa chake ndinabwerera kunyumba zaka zanga zitangokwana, pamene anzanga ena anapatsidwa kontilakiti n'kupitiriza ntchito. Mutu uno ndi yankho langa. Za ubwana wanga ku Katete ndi za kusamuka kwathu kudza kuno ndazisiya dala, popeza azakhali anu anakusimbirani kale, ndipo nthawi iliyonse akasimba ng'ombe za atate zimawonjezeka. Ine ndiyambira pomwe ndinayamba kuvala tayi.

1986 mpaka 1993: Pa mishoni

Ntchito yanga yoyamba inali yotaipa pa sukulu ya mishoni kufupi ndi Bundabunda. Ndinafika ndi satifiketi ya kutaipa, jekete lobwereka, ndi mbiri yoti masamu ndinalephera mu Fomu 3. Sikunali kulephera kwa pafupi ayi, kunali kuja koti mphunzitsi akakumana nawe pamsika amakupatsa moni wa pamaliro. Chimene ndinali nacho ndi kukonda kuwerenga. Ndinkawerenga chilichonse: mabuku akale a ansembe, nyuzi zokutira tinsomba ta kapenta, ngakhale kapepala ka m'bokosi la mankhwala a ng'ombe. Mkulu wa sukuluyo anali Sisitere Agnesi, mayi wamfupi wa mawu otsika amene sankabwereza chinthu kawiri. Anandikhazika pa taipulaita kuti aone zala zanga, kenako anafunsa, "Masamu udziwa?" Ndinawauza zoona. Iwo anati, "Nanga tizachita bwanji, pakuti amene adziwa masamu safuna kutaipa? Uyambe pa Mande."

Inu amene munabadwira m'nthawi ya mafoni simungadziwe mmene pepala la mayeso linkapangidwira. Tinkataipa pa sitensulo, chipepala chopyapyala cha phula, titachotsa riboni kuti zilembo ziboole. Sitensuloyo tinkaikulunga pa makina opukusa ndi dzanja, inki n'kumadutsa m'timabowo tija kupita pa mapepala. Chingerezi, mbiri yakale ndi za chipembedzo zinalibe vuto, chifukwa mawu amayenda mumzere ngati ana olowa m'tchalitchi. Koma masamu sayenda mumzere. Nambala ina imakwera pamwamba pa inzake, ina imakhala kakang'ono pakona, ina imabisala pansi pa chizindikiro chimene taipulaita ilibe n'komwe. Kuti ndilembe kanambala ka pakona ndinkabweza chogudubuza pepala theka la mzere ndi dzanja lamanzere, n'kumenya ndi lamanja. Dzanja likanjenjemera kanambalako kankagwera pambali, funso n'kusanduka lina. Zizindikiro zosowa ndinkazisiyira mpata, mphunzitsi n'kudzazijambula yekha ndi kacholembera kachitsulo. Ukamenya ziro mwamphamvu pakati pake pankathothoka, pa pepala n'kutuluka chidontho chakuda. Zaka zimenezo zinthu zinkasowa m'dziko monse. Masitensulo Sisitere ankawakhomera m'kabati, ndipo mankhwala ofiira otsekera zolakwa atatha tinayesa utoto wa zikhadabo umene mphunzitsi wina wamkazi anabweretsa ataubisa m'mpango. Unagwira bwino. Sisitere atalowa ananunkhiza, natiyang'ana mmodzimmodzi, natuluka osafunsa kanthu.

Mphunzitsi wa masamu anali a Daka a ku Chadiza, munthu wanzeru koma wolemba ngati nkhuku yapalasa. Popeza sindinkatha kuwerenga zolemba zawo, ankakhala pambali panga n'kumandiuza pakamwa. Tsiku loyamba anayamba ndi mayina a m'buku, ine n'kungoti maso tuzu, zala zili m'mwamba.

"A Daka," ndinatero, "musaniuze dzina lake. Niuzeni mwamene chionekera."

"Ni kanambala kang'ono, kali pamwamba pa inzake, cha kumanja."

"Monga mwana pa phewa?"

"Iwe Sakala, uzaniwonongera masamu." Anayang'ananso pepala lawo. "Inde. Mwana pa phewa. Lemba."

Tinayambira pamenepo. Nambala ziwiri zosanjikizana, mzere uli pakati, tinkati nyumba yosanja. Chizindikiro chija chokhala ndi denga, chimene manambala amakhala pansi pake, tinkati khonde. Manambala ondandalikidwa m'mizere mkati mwa mpanda tinkati khola. Lamulo la mayeso linali loti chitseko chikhomedwe, mkati mukhale wotaipa ndi mwini pepala basi. Ndiye odutsa panja ankangomva mawu a a Daka: "Khonde! Pansi pake nyumba yosanja! Wa pamwamba ali na mwana pa phewa!" Amayi ena ophikira ana a sukulu anapita kukauza mkazi wa a Daka kuti amuna awo akumanga nyumba mobisa, ndipo kuli kale mwana. Nkhani imeneyo inatha Sisitere ataitana onse n'kuwaonetsa sitensulo.

Masamu sindinawaphunzire m'chipinda chimenecho, ndisakunamizeni. Ndinaphunzira maonekedwe ake, monga mmene munthu amadziwira nkhope za anthu a m'mudzi wina osamva chinenero chawo.

1994 mpaka 2009: Ku boma

Mu 1994 anandisamutsira ku Chongwe, ku malo othandizira aphunzitsi kumene sukulu zambiri zinkabweretsa mapepala a moku, mayeso aja oyeserera amene ana amalemba asanafike enieni. Apa n'kuti nditakwatira amayi anu ndipo mwana wathu Tisa akukwawa. Taipulaita ndinapitiriza nayo mpaka kompyuta yoyamba itafika. Anaibweretsa itakutidwa ndi nsalu, ndipo sabata yoyamba ndinkaipatsa ulemu woyenera bishopu: kuiyang'ana patali, osaikhudza. Nditazolowera ndinaona kuti pa mawu wamba ndi dalitso lenileni. Ukalakwa umangofufuta, popanda utoto wa zikhadabo. Koma pa masamu tinabwerera m'mbuyo. Sindinkadziwa pomangira nyumba yosanja kapena khonde, choncho ndinkasiya mipata, aphunzitsi n'kudzaza ndi bolopeni, kenako fotokope. Inki ya fotokope ikachepa, zolemba za bolopeni ndizo zinkayamba kuzimiririka. Chaka china mphunzitsi wina anabwera thukuta lili kamukamu, pepala lili m'manja, nati, "Ba Sakala, manambala yonse ya pakona yathawa! Bana balemba vinangu, ine nachonga vinangu!" Panalibe wolakwa woti timuloze. Tonse tinangoyang'ana makina.

Zimenezo zinandikhala pamtima. Tsiku lina ndili ku Lusaka ndinaona chibuku chonenepa cha kompyuta pa mulu wa mabuku akale ogulitsidwa pansi m'mbali mwa msewu. Chinalibe chikuto, ndipo masamba oyamba wina anali atakutira kale zinthu zake. Ndinachigula n'kumachiwerenga mu minibasi, kondakitala akundiponda phazi. Cha kumapeto kwake ndinapeza mutu wonena kuti m'pulogalamu yomwe ija yolembera makalata muli kachipinda kobisika ka masamu. M'mawa mwake ndinakatsegula. Zonse zinalimo: nyumba yosanja, khonde, khola, ngakhale zizindikiro zimene a Daka sanandionetsepo. Ndinasangalala mpaka masana okha. Vuto linali loti chilichonse unkachitola ndi mausi: dina apa, funafuna, dina apo, bwerera pa kiyibodi, lemba nambala imodzi, gwiranso mausi. Tsamba limodzi linkadya m'mawa wonse. Zinkatuluka zokongola ngati za m'buku, koma mzere wa aphunzitsi panja unkatalika, ndipo dzanja langa lamanja linayamba kutupa pamfundo. Ndinapirira choncho zaka zingapo, ndikudziuza kuti chinthu chokongola sichifulumira. Ndinali kungodzitonthoza.

2010 mpaka 2018: Kusiya mausi

Atatibweretsera kompyuta yatsopano, ndinayamba kudya nthawi ya nkhomaliro ndikuwerenga malangizo a mkati mwa pulogalamu momwemo, aja amene anthu amatseka asanawerenge. Chingerezi chake chinali cholimba, koma ine amene ndinatha kapepala ka mankhwala a ng'ombe sindikanagonja pamenepo. Funso langa linali limodzi: kodi munthu sangalembe masamu manja onse ali pa kiyibodi? Yankho linabwera pang'onopang'ono. Ndinapeza kuti mabatani awiri ukawadina pamodzi, kabokosi ka masamu kamatseguka kokha. M'kabokosimo ukalemba 3, kamzere kopendeka, 4, n'kugunda batani lalitali lija la mpata, nyumba yosanja imadzimanga yokha, 3 pamwamba, 4 pansi. Ukalemba nambala, kachipewa kaja kosongoka, nambala ina, n'kugundanso lalitali, mwana amakwera yekha pa phewa. Tsiku limene ndinaona zimenezi koyamba ndinakuwa kwambiri moti amayi osesa anathamangira mkati ndi tsache, poganiza kuti magetsi andigwira. Za khonde ndi khola sindinapeze njira yake, choncho ndinamanga zopanda kanthu mkati, n'kuzisunga, n'kuzipatsa mabatani akeake oziitanira. Tsamba limene linkadya m'mawa wonse linayamba kutha tiyi asanazizire.

Mbiri inafalikira kuti ku Chongwe kuli mdala wotaipa masamu ngati akutaipa kalata. Sukulu zakutali zinayamba kubwera. Popeza lamulo la chitseko chokhoma linalipobe, ndipo tsopano aphunzitsi ankangosiya mapepala n'kudikira panja, panalibe amene ankaona mmene ndinkachitira. Panalibenso amene anafunsa. Ankaganiza kuti ndi mphatso yobadwa nayo. Anayamba kunditchula Pulofesa, ena n'kumabwera ndi nshawa, maungu, nthawi zina nkhuku yomangidwa miyendo. Mimba imene mukuidziwayi inayamba zaka zimenezo. Ndinkayenda pa msika wa Chongwe manja kumbuyo ngati munthu amene akuwerengera mtunda wa nyenyezi, chonsecho wogulitsa tomato akandibwezera chenji ndinkangokhulupirira.

2019: Chaka chosankha

Chaka chimenecho ndinayenera kupuma mu Disembala. Bwana wanga anali Ba Mulenga, munthu wa ku chigawo cha Migodi, wamtali, wachilungamo, wokonda kuseka mokweza. Ife tinali titagula puloti ku Silverest, pakati pa Lusaka ndi Chongwe, makoma atafika pa lintelo, pamwamba pa mazenera, koma denga kulibe. Kumayambiriro kwa chaka Ba Mulenga anandiitana mu ofesi, natseka chitseko.

"Shani, mudala? Nkhalani pansi. Nifuna nikupemphereni kontilakiti. Mukasebenzako zaka zingapo, nyumba ija izasila."

Ndinathokoza kwambiri.

"Koma mvelani. Ku ma ofesi ya pamwamba sibapasa kontilakiti chifukwa munthu ni wabwino mutima. Bafuna chifukwa. Chifukwa chathu nichimodzi chabe: kulibe wina angataipe masamu mu dera lino. Nizalemba ivo kumapeto kwa chaka. Manje imwe, vamene mumachita mukati muja, visungeni mwamene vilili. Mwamvela?"

Sanali kundiuza kuti ndiname. Zimene ankafuna kulemba zinali zoona. Ndinapita kunyumba ndikuimba, amayi anu n'kuyamba kusankha mtundu wa malata.

Nyengo yozizira itafika, moku ili pafupi, magetsi anayamba kuzima nthawi yaitali. Ndinkagwira ntchito akabwera, akazima n'kukhala pa benchi panja ndi odikira. Pakati pawo panali Madamu Njobvu, mphunzitsi wa masamu wa pa sukulu ina ya mkati kupitirira Bundabunda. Kuti afike ku boma ankakwera njinga mpaka pamsewu waukulu, kenako minibasi. Limeneli linali tsiku lake lachiwiri pa benchipo. Anagona kwa achibale, ndipo kalasi lake la mayeso linali lopanda mphunzitsi. Anali mayi wosachedwa kufika pa nkhani.

"Ba Sakala, nikambeko?"

"Kambani, Madamu."

"Ku sukulu kwathu anatipatsa ma laputopu na sola, na pulinta ilipo. Anzanga a Chingerezi apatsa ana ma tesiti yotaipa sabata iliyonse. Ine nikayesa masamu na mausi, funso limodzi dzuwa lalowa. Nasiya. Ana anga chaka chonse aona chabe choko na dzanja langa. Pa bolodi nilemba kanambala ka pakona kakulu, kuti wa kumbuyo aone. Manje akafika pa pepala losindikiza, kali kang'ono, kali pafupi. Chaka chatha mtsikana wanga wanzeru kupambana onse anaona 3 na ka 2 pakona, anawerenga 32. Anadziwa njira yonse, Ba Sakala. Maso chabe sanazolowere."

Ndinati ndamva chisoni, ndipo pepala lake ndilitaipa loyamba magetsi akabwera.

"Sinikamba za pepala ili. Nionetseniko chabe mwamene mumachitira. Olo ni vovuta, nizalimba."

Apo ndiye panandivuta, chifukwa ndinkadziwa kuti si zovuta. Chimene chinanditengera zaka chinali kufunafuna. Kuchita kwake munthu akanakuphunzira tsiku limodzi. Ndinadziwanso kuti Madamu Njobvu sangasunge chinthu chothandiza. Akadziwa iye, mwezi usanathe adziwa aphunzitsi onse a mbali imeneyo, ndipo chifukwa chija cha Ba Mulenga chafa. Ndinamuyankha kuti, "Nizaganizapo." Anandiyang'ana mmene aphunzitsi amayang'anira mwana amene wati buku waiwala kunyumba.

Lamulungu titachoka ku Misa ndinapita ndi amayi anu kukaona puloti. Tinalowa pakhomo lopanda chitseko, tinaima m'chipinda chochezera, kumwamba kuli mbee. Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, chikwama chili kukhwapa.

"Madamu ameneyo azatifolelera nyumba?"

"Iyai."

"Mvula ikabwera tizafunda masamu?"

"Amake Tisa, njira ija si yanga. Ili mu kompyuta iliyonse, na mu laputopu yake ilimo. Ine ninangoyamba kuiona."

"Ndiye aifune yekha, monga munaifunira imwe. Dzanja linatupa ni lanu. Ine nine ninali kulithowa na madzi otentha."

Pamenepo analasa. Ndinazungulira makomawo ndikugogoda njerwa ngati ndikudziwa za zomanga. Chimene chinkandivuta n'chakuti mawu a Ba Mulenga akanakhala oona pokhapokha ine nditatseka pakamwa. Munthu asanandifunse, kukhala chete kunali kukhala chete basi. Koma tsopano wina anali atafunsa, ndipo anandiuza chifukwa chake. Ndikanakana, ndiye kuti zaka zonse za kontilakiti ndikanamaona mayi uja pa benchi, ndikudziwa kuti ndine ndamukhazikapo, ndi kuti ana ake ali okha m'kalasi. Ndinayesa kunena zimenezi mwa mawu okongola a m'mabuku. Amayi anu anandidula.

"Lekani ulaliki, tachoka kale ku Misa. Mwaganiza kale imwe, naona makutu yanu. Mufuna chabe nikambe kuti inde."

"Ndiye mukamba kuti chani?"

"Sinizakamba inde. Koma sinizakumangani miyendo. Tiyeni, minibasi izatisiya."

Pa Mande ndinayamba ndi Ba Mulenga, chifukwa sindinkafuna kuti amve kwa ena. Anavula magalasi.

"Mudala, mwapenga? Ine nilwila imwe, imwe mulwila Bundabunda?"

"Bwana, mwanichitira zabwino, sinizaiwala. Koma nifuna niwaphunzitse."

"Muziba kuti nikalemba, nilemba vazoona chabe? Bakaziba bambiri, sinizalemba kuti kulibe wina."

"Nidziwa, bwana. Ndiye chifukwa nabwera kwa imwe poyamba."

Anayang'ana kudenga nthawi yaitali, kenako anaseka, koma osati mokweza monga mwa masiku onse. "Ok. Ngati mwasankha kuzigwetsa, zigwetseni bwino. Osati muntu umozi pa kona. Tizaitana bonse ba masamu pa holide, pa Chibelu. Jenereta nizapeza."

Loweruka limenelo chipinda chinadzaza. Ena anabwera ndi malaputopu a sukulu, ena anakhala awiriawiri pa makompyuta athu. Ine ndinali nditavala suti, nditaloweza mayina enieni a zizindikiro kuti ndisachite manyazi pamaso pa anthu a madigiri. Ndinaimirira, ndinatsokomola, ndinayamba, ndipo pa dzina lachiwiri lilime linakana. Ndinabwereza, linakananso. Madamu Njobvu anakweza dzanja. "Ba Sakala, kambani chabe mwamene mumakambira mukakhala mweka." Ndinavula jekete n'kunena kuti, "Chabwino. Tiyambe na nyumba yosanja." Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Koma nditalemba 3, kamzere, 4, n'kugunda lalitali, nyumba n'kudzimanga pa khoma pamene tinkaonetsera, kuseka kunatha. Bambo wina wa imvi kumbuyo anati, "Ah! Ni ivi chabe?" Ndinati inde, n'zomwezo. Anati, "Na nkhuku yanga ija?" Ndinamuuza kuti nkhukuyo inali yokoma ndipo sibwerera.

Cholakwa chimodzi chinawagwira pafupifupi onse, chomwenso chinandigwira ine zaka zoyamba. Ukalowa pansi pa khonde n'kulemba nambala yako, uyenera kudina kamuvi kolozera kumanja kuti utuluke usanapitirize. Ukaiwala, denga limangotalika, n'kumakuta chilichonse chimene ukulemba, mpaka funso lonse ndi malikisi ake zili pansi pa khonde. Chimodzimodzi ndi mwana pa phewa: ukapanda kutsika, zonse zotsatira zimakwera pa phewa pomwepo. Ndiye ndinkayenda pakati pa madesiki ndikukuwa, "Tulukani pakhonde, aphunzitsi! Tsikani pa phewa!" Pofika nthawi ya tiyi anali akukuwirana okhaokha. Ba Mulenga anaima pakhomo manja m'thumba akupukusa mutu.

Chimene sindinayembekezere n'chakuti dzuwa lisanapendeke ambiri anali atandipitirira liwiro. Ine ndimataipa ndikuyang'ana pepala chizindikiro ndi chizindikiro, popeza sindidziwa chimene chikubwera. Iwo ankadziwa funso lonse m'mutu, zala n'kumangotsatira. Madamu Njobvu anandiitana. "Ba Sakala, onani. Ngati mwaika vonse va pamwamba mu mabulaketi, mulemba mzere umodzi chabe, nyumba yonse imangika kamodzi." Anandionetsanso kuti khonde lili ndi mawu ake achidule oliitanira, amene anawapeza m'malangizo omwe aja pa nthawi ya tiyi. Ine zaka zonsezo ndinkazungulira njira yaitali ndi makonde anga osunga. Ndinati, "Madamu, ivo ninali kusungira phunziro la masana." Palibe amene anakhulupirira, ndipo ndinalemba njira yakeyo pa bolodi kuti onse akope.

Temu yomaliza itayamba, benchi ya panja inayamba kuchita fumbi. Ankabwerabe a maphunziro ena ndi a sukulu zopanda magetsi, koma ngakhale awo anayamba kupita kwa anzawo apafupi. Ndinamva kuti Madamu Njobvu akupatsa ana ake tesiti yosindikiza Lachisanu lililonse, ndi kuti anawo sakumukonda monga kale. Ngati mtsikana wina anapulumuka chifukwa cha zimenezo sindingakuuzeni, popeza zotsatira za mayeso sizilemba dzina la wotaipa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mayi uja sindinamuonenso pa benchi tsiku la sukulu.

Mu Okutobala, kutentha kuli pachimake, Ba Mulenga anandiitananso. Kompyuta yawo inali yotsegula.

"Mudala, nthawi yakwana. Pa chifukwa apa, nilembe chani?"

"Lembani kuti alipo ambiri, bwana."

"Ivo sibapasa navo kontilakiti."

"Ndiye musalembe kanthu. Tisawataitse nthawi."

Anatseka kompyutayo, naimirira, nandigwira dzanja nthawi yaitali. "Imwe ba ku Chipata," anatero, "muli na mitu yokosa." Ndinawakumbutsa kuti ndine wa ku Katete. Anati n'chimodzimodzi.

Madzulo ake ndinawauza amayi anu. Anali akusankha nyemba pa lichero, ndipo sanakweze mutu. Anamaliza nyemba zonse, anakutumula lichero, kenako anati, "Ndiye tizafolera zipinda ziwiri na khichini. Vinango vizayembekeza. Mailo mupite mukakambe na kalipentala, ndipo musamuuze za nyumba yosanja, angaganize kuti tili na ndalama."

2020 mpaka lero: Silverest

Ndinapuma mu Disembala monga mwa lamulo. Aphunzitsi a masamu anandichitira kaphwando, bambo wa imvi uja n'kubwera ndi nkhuku ina, nati iyi ndi ya phunziro. Tinalowa m'zipinda ziwiri zija mvula ili pakati. Sindinganene kuti zinali zopepuka. Chaka choyamba amayi anu sankatchula dzina la Madamu Njobvu, ankangoti "uja wanu wa makonde". M'mawa ndikaona anthu akuthamangira minibasi za ku Lusaka ndi za ku Chongwe, miyendo inkafuna kuwatsatira. Ndipo nyengo ya moku itafika koyamba ndili pakhomo, ndinkayika foni pafupi ndikuyembekeza kuti wina asokonezeka andiimbire. Anaimba mmodzi yekha, ndipo ankafuna kudziwa ngati ku Silverest kukadali mapuloti.

Komabe ndikuuzeni mosabisa kuti sindinadandaulepo za Loweruka lija. Ndinataipa masamu zaka zonse za ntchito yanga osamva chimene akunena, ndipo tsiku lokhalo ndi limene ndinadziwa bwinobwino chimene ndikuchita.

Chipinda chochezera chilibe denga mpaka lero. Ndikudziwa kuti mwakhala mukunong'onezana zosonkherana, ndipo sindikuletsani, koma muyambe mwakamba ndi amayi anu. Chaka chachiwiri anathiramo manyowa a nkhuku n'kubzalamo repu, anyezi ndi tomato. Makoma amatchinga mphepo, mbuzi za aneba sizilowa, ndipo azimayi a mumsewu wathu amabwera kudzagula ndiwo pa zenera. Mwezi watha nditawauza kuti mwina chaka chino tifolere, anandiyang'ana, khasu lili m'manja, nati, "Mufolere kuti? Munapatsa kale anthu nchito yanu. Manje mufuna mupatse malata dimba langa?"